Chaka Chimene Ndinatsika pa Thalakitala

Ndinayendetsa thalakitala pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, moti othyola tiyi ankandidziwa ndi kulira kwa injini ndisanatulukire pakona. Ntchito yanga inali yotenga masamba pa sikelo, pamene anthu amayezetsa zimene athyola, n'kuthamangira nawo ku fakitale asanayambe kutentha m'matumba. Misewu ya m'minda ya ku Thyolo ndi yotsetsereka, ndipo mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati therere. Munthu wokoka ngolo yodzaza pamalo otere safunika kuphethira nthawi yaitali. Ntchitoyo ndinkainyadira, sindibisa. Inandipatsanso nyumba ya madalaivala, ya malata ndi magetsi, mpopi uli pakhomo, ndipo chifukwa cha nyumbayo sindinakakhalepo pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga ku Nsabwe. Anzanga amene ankalima minda ya apongozi awo ndinkawaseka.

Miyendo inayamba kundivuta ana atakula kale. Anthu akandifunsa kuti ikupweteka pati ndinkasowa choyankha, chifukwa si ululu. Zili ngati nyerere zalowa m'kati mwa mafupa n'kumayendayenda kuchokera m'mawondo mpaka m'akakolo. Ukaimirira n'kuyamba kuyenda zimabalalika. Ukangoti ndikhale pansi, kapena ndigoneko, zabwereranso, mwendo n'kumadzikoka wokha iwe usanautume. Masana zinkandichitirako ulemu. Dzuwa likangolowa ndiye zinkabwera ndi abale awo omwe.

Amene anayamba kuzunzika kwenikweni ndi mkazi wanga, ndipo zimenezi ndiyenera kuzinena ndisanayambe kumudandaula. Ndinkamumenya mateche kutulo. Anasamukira pamphasa, koma nyumba za kampani n'zazing'ono. Ndikadzuka kuti ndikazungulire panja chitseko chinkalira, iye n'kudzidzimuka, ndikabwerera chimodzimodzi. Chonsecho tambala woyamba akamalira iye ankafunika akhale ali pamoto, chifukwa ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pa sikelo pomwe ine ndinkanyamula masamba. Dzanja lake linali lodziwika esiteti yonse. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano wa amayi a ku tchalitchi, miphika ikuluikulu ankaisiya m'manja mwake, ndipo akapanda kubwera anthu ankazindikira ndi pakamwa.

Ku kiliniki ya pa esiteti anayamba ndi kundiyeza malungo, monga amachitira ndi aliyense, ngakhale wobwera ndi chala chothyoka. Malungo panalibe. Anandipatsa bulufeni, kenako mavitamini, kenako mafuta opaka. Pomaliza adokotala athu, bambo wofatsa amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anandilembera timapilitsi tating'ono timene amapatsa anthu odwala misempha, tomwa pogona. "Awa okha muzigona ngati khanda," anatero. Timapilitsi timeneto tinandiumitsa kukhosi n'kundilemeretsa mutu, koma miyendo tinangoiputa. Nditakadandaula anati mankhwala sanazolowerane ndi thupi, n'kundiwonjezera. Ndinamwa mokhulupirika, chifukwa ine sindine munthu wotsutsana ndi achipatala.

Tsiku lina masana ndinkadikira kuti amalize kukweza matumba pa sikelo ya kumtunda, injini ikulira, phazi lili pa buleki. Ndinagona. Sindinamve n'komwe tulo tikubwera. Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa amayi, thalakitala ili m'kati mwa mizere ya tiyi, ngolo itapendekeka, matumba akugubuduka kutsetsereko. Palibe anavulala. Koma dengu la mayi wina linaphwanyika pansi pa tayala, ndipo mwini wake anali atangochokapo kupita kukamwa madzi.

Bwana manijala anandiitanitsa ku ofesi n'kuuza kapitawo kuti andinunkhize m'kamwa. Ine, munthu amene kachasu sindinamulawepo chibadwire! Atapeza kuti si mowa anafewa. Anati anditsitsa kaye pa thalakitala, ndizikathandiza ku galaja, ndipo andidikira mpaka mvula yoyamba, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri moti thalakitala iliyonse imafuna mwini wake. Ndikabweretsa kalata ya adokotala a pa kiliniki yotsimikiza kuti sindidzagonanso pa chiwongolero, mpando wanga ndidzaupeza. Ndikalephera adzalemba wina, ndipo nyumba ya dalaivala ndi ya dalaivala. Panali miyezi itatu.

Kiliniki inanditumiza ku chipatala cha ku boma, ndipo a ku boma ananditumiza ku Blantyre. Tinapita awiri ndi mkazi wanga. Kumeneko ndinakumana ndi dokotala wachitsikana, amene pomuona ndinamuderera mumtima. Koma nditangotchula za nyerere zija, nkhani yotsalayo anaimaliza yekha ngati ankagona m'nyumba mwathu. Anati matendawa alipo, ali ndi dzina lawo, anthu ena ali nawonso, ndipo sindinalodzedwe. Ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa mwana wa eni ake. Anandiyeza magazi n'kupeza kuti muli kuchepa kwa chinthu china chimene amati ayironi. Timapilitsi ta ku kiliniki tija anati ndisiye pang'onopang'ono, chifukwa pa matenda angawa timangokolezera moto. Anandipatsa mapilitsi a magazi ndi makapisozi ena omwa madzulo.

"Zinthu ziwiri, bambo," anatero akulemba m'buku langa. "Choyamba, tiyi madzulo ayi."

"Adokotala, ine kwathu n'ku Thyolo," ndinatero. "Kuli bwino mundiletse madzi."

Anaseka. "Chachiwiri ndi pilitoni, ndi mankhwala onse a chimfine amene amabweretsa tulo. Anthu ambiri amamwa kuti agone, ndikudziwa. Koma kwa inu amagoneka mutu n'kudzutsa miyendo. Mayi, nanunso mwamva?"

"Ndamva, adokotala," anayankha mkazi wanga, chikwama chili pamiyendo. "Pilitoni ayi."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa pake ine ndikumva. Sindinalote.

Timapilitsi takale titatha m'thupi, panabwera masabata awiri amene sindidzawaiwala. Nyerere zinkabwerabe, koma mwamanyazi, ndipo ndinkatha kugona maola asanu osadzuka. M'mawa ndinkapita ku galaja ndikuimba mluzu, n'kumakaisisita thalakitala yanga pamene inaimikidwa. M'malo mwa tiyi wa madzulo, mkazi wanga anayamba kundisungira kapu ya thobwa lotsala pa malonda ake. Ndinkamuyamikira pamaso pa anthu kuti ndili ndi nesi wangawanga kunyumba.

Kenako kunagwa maliro ku Goliati, kwa abale a mayi anga, ndipo tinachezera panja masiku awiri. Kukana tiyi pamaliro n'kovuta, kunali kuzizira, ndiponso makapisozi aja ndinawaiwala kunyumba. Kulakwa kumeneko n'kwanga, sindikukankhira munthu. Titabwerera, miyendo inandilipiritsa masiku atatu otsatizana, ndipo tonse awiri sitinaone tulo. Tsiku lachinayi ndinamwa mankhwala anga ndi thobwa langa, n'kugwa pabedi osadziwanso kanthu.

Kuyambira pamenepo matenda anasintha nkhope. Tulo tinkandigwira msangamsanga, tolemera, nthawi zina ndisanavule n'komwe nsapato. Pakatha maola atatu nyerere zinkandidzutsa zili zolusa kuposa kale, zitakwera mpaka m'ntchafu ndi m'mikono momwe. Mutu unkakhala uli wolemerabe, moti ndinkayenda ndikugwira zipupa. Palibe chimene sindinayese. Ndinkaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira, ndinkakwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde mpaka mawondo kunjenjemera, ndinkagubuduza botolo pansi pa phazi, ndinkamanga akatumba ndi chitenje mpaka zala kuchita dzanzi. Kukacha ndinkapita ku ntchito thupi lokha. Kawiri konse anandipeza ndili mtulo pa tayala lakale, sipanala ili m'manja. Kapitawo wa ku galaja anatumiza malipoti ku kiliniki, ndipo sindimuda, ndi ntchito yake.

Ku Blantyre ndinabwererako kangapo. Dokotala uja anawonjezera makapisozi, anasintha nthawi yomwera, kenako anawachotsa n'kundipatsa mankhwala ena amene anandichititsa nseru sabata yathunthu, mapeto ake n'kundibwezera pa oyamba aja. Ndinkaona kuti naye wagwira njakata. Ulendo womaliza anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, mundiuze zoona. Palibe chinanso chimene mukumwa? Cha kwa asing'anga, kapena cha m'golosale?"

Ndinalumbira, ndipo ndinapsa mtima pang'ono poona kuti akundikayikira. Mkazi wanga anali pa benchi lomwelo, phewa lake likukhudza langa. Sanatsokomole n'komwe. Masiku amenewo nkhope yake inali itayamba kubwerera, anthu n'kumati wanenepa, ndipo ine ndinkathokoza Mulungu kuti mwina mmodzi mwa ife akupezako tulo.

Mitambo itayamba kusonkhana cha ku Mulanje, ndinapita kukagula lezala pa okala ya kumapeto kwa malayini a nyumba zathu. Mwini wake ndi bambo wanthabwala amene salola munthu kuchoka asanamuseke.

"Adalaivala, chimfine chanucho ndiye chakukondani bwanji," anatero akundipatsira lezala pawindo. "Mwezi wachiwiri uno. Mwandimalizira sitoko yonse."

"Chimfine chanji?"

"Aa, nanga pilitoni amene amayi amatenga Loweruka lililonse uja? Amati ndi wa abambo. Ine ndimvekere, shuwa mphuno za adalaivala zikudontha kuposa injini yawo!"

Ndinaseka naye, chifukwa pa okala panali anthu. Koma kunyumba sindinalunjike. Ndinadzera m'munda wa tiyi, njira yaitali, ndikuwerenga masiku m'mutu kuchokera pa maliro a ku Goliati. Ndinkafunitsitsa kuti masikuwo asagwirizane, koma anagwirizana.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusefa thobwa la mawa lake.

"Amayi, pilitoni amene mumagula pa okala amapita kuti?"

Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo mwina ndikanakonda akanakana. Anapukuta manja pachitenje n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Ndi awiri okha, abambo. Ndimasinja ndi supuni n'kuthira m'kapu mwanu."

"Zimene ananena dokotala zija simunamve?"

"Ndinamva. Koma mankhwala akewo anakanika, munaona nokha titachoka ku maliro. Awa mukamwa mumagona."

"Ndimagona maola atatu, kenako ndimazungulira ngati wamisala mpaka kucha!"

"Maola atatuwo ndi amene ine ndimapezera tulo," anatero, osakweza mawu. "Tikandigwira bwinobwino, chitseko sindichimvanso. Zaka ziwiri, abambo. Ndinapsa dzanja ndi mafuta ndikuwodzera pamoto. Chipsera munachiona, koma simunafunse."

N'zoona, sindinafunse. Zinandilasa, ndipo zimandilasabe. Koma ndinamuuza kuti akanandiuza kuti watopa, ndikanatenga mphasa n'kumakagona kukhitchini, ngakhale ku galaja komwe. Ndinamukumbutsa kuti anali pambali panga pamene ndinkalumbira kwa dokotala ngati chitsiru, kuti anandiona ndikusanza ndi mankhwala amene sindinkafunika kumwa, kuti ankadziwa za kalata ndi za nyumba imene tinkagonamo tonse. Kenako ananena chinthu chimene chinandimaliza mphamvu.

"Nzeruyi anandipatsa ndi achemwali anu."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Kapichi, kumene amakhala mchemwali wanga wamkulu, wobadwa naye bere limodzi. Ndinamupeza akusenda chinangwa. Nditafotokoza, anaseka mpaka kuika mpeni pansi.

"Achimwene, mukuchita ngati alamu akudyetsani khuzumule. Ndi pilitoni chabe, timapatsa ngakhale ana akamavuta paulendo. Sole ngati zakupwetekani, koma mwana wa eni ake akanafa ndi tulo inu mukuyang'ana. Madokotala amanena zambiri. Khalani pansi mudye chinangwa."

Khuzumule ndi mankhwala amene amati akazi ena amathira m'chakudya kuti mwamuna apuse, azingovomera chilichonse. Kwa mchemwali wanga kusiyana kwake kunali kwakukulu, chifukwa ena ndi a kutchire, ena ndi a m'pepala la pa okala. Ine kusiyanako sindinakuone. Anthu awiri amene ndikanawakhulupirira ngakhale nditatseka maso anakhala pansi n'kupangana za m'kapu mwanga, ine ndikuwatamanda. Chinangwacho sindinadye.

Kuchokera tsiku limenelo madzi omwera mankhwala ndinkatunga ndekha pampopi. Ndinasamutsira mphasa kukhitchini, ndipo palibe anandiletsa. Sabata yoyamba inali yowawa, koma mutu unayamba kuyera. Sabata yachiwiri nyerere zinatsika kuchoka m'mikono ndi m'ntchafu n'kubwerera kumalo kwawo. Pofika yachitatu ndinkagona monga ndinkagonera maliro aja asanachitike, ndipo ku galaja ndinkagwira ntchito tsiku lonse maso ali gwa. Mankhwala a dokotala wachitsikana uja anali abwino kuyambira pachiyambi. Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri, ndipo kiliniki inandiitana kuti ndipite Lolemba lotsatira.

Ndinkadziwa chimene adokotala akandifunse, chifukwa malipoti a ku galaja anali pa tebulo lawo. Ndinkadziwanso kumene yankho langa likathere. Kalata ya ku kiliniki imadutsa m'manja mwa makalaliki isanafike kwa manijala, ndipo pa esiteti chimene chalembedwa m'mawa, madzulo chimakhala chili pampopi. Kwathu kuno mkazi akamveka kuti amathira mankhwala m'chakumwa cha mwamuna wake, palibe amafunsa kuti anali mankhwala anji. Ndani akanagulanso thobwa lake pa sikelo? Miphika ya pamaliro akanamulanda mwakachetechete, n'kumupatsa ntchito yotunga madzi. Akulu a mpingo akanamuitana. Dzina limenelo akanafa nalo, ndipo ana athu aakazi akanalitenga ngati chuma chamasiye. Ine ndemwe ndikanakhala adalaivala odyetsedwa, koma zimenezo ndikanapirira ndili pa thalakitala yanga.

Zonsezi iye ankazidziwa monga ndinkazidziwira ine. Sabata yonseyo ndinadikira mawu amodzi okha, akuti pitani mukanene zoona, ndinalakwa ndine. Ndikhulupirira kuti akananena, ndikanakakhalabe chete, koma ndi mtima wina. Ndinkachedwa dala pakhomo m'mawa, ndinkakhala pafupi akamakazinga, ndinatchulanso tsikulo kawiri ngati ndikulankhula ndekha. Lamlungu madzulo anachapa malaya anga oyera n'kuwasita bwinobwino, makolala ali chilili. Anawapachika pamsomali n'kupita kukagona.

Adokotala anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandiyang'ana m'maso ndi tochi, anawerenga zonse zimene a ku Blantyre analemba m'buku langa.

"Mukuoneka bwino, akulu," anatero. "Ndipo kapitawo wanu akuti masabata atatu awa simunawodzerepo. Koma taonani apa. Nthawi imene ankakupezani mtulo ku galaja munkamwa makapisozi omwewa, mlingo womwewu. Chasintha n'chiyani? Mukandipatsa chifukwa chomveka, ndisayina lero lomwe. Popanda chifukwa ndiye kuti zikhoza kubweranso tsiku lililonse, ndipo pa sikelo pamakhala anthu. Ine sindingaike dzina langa pa chinthu chimene sindikuchimvetsa."

Cholembera chinali m'manja mwawo, pepala lili pa tebulo, dzina langa atalemba kale pamwamba. Panja ndinkamva thalakitala ina ikukwera mtunda, ndipo ndinadziwa kuti woyendetsayo wachedwa kusintha giya.

"Sindikudziwa, adokotala," ndinatero. "Mwina ndi mapemphero."

Anafunsanso kachiwiri, mofatsa, ngati munthu wa mpingo umodzi, ndipo ndinabwereza zomwezo. Anatseka bukulo n'kundipatsira ndi manja awiri.

Patatha masabata awiri tinapakira katundu pa lole kupita ku Nsabwe, kumene tili mpaka lero. Mankhwala ndimamwabe, ndipo ndimagona bwino ndithu. Anthu amaganiza kuti chimene chimandidya mumtima ndi ntchito, kapena nyumba ya magetsi ija. Zimenezo zimawawa, koma munthu amazolowera. Chimene chinakana kuchoka ndi cha tsiku lomwelo la ku kiliniki.

Ndinabwerera wapansi, mvula ikundimenya, malaya oyera aja atamatirira pathupi. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndimuuzire kuti kalata yakanika, kuti tiyambe kufunafuna makatoni. Ndinkadera nkhawa mmene azilandirire. Ndinamupeza ataima pakhonde, akundidikira, manja atapinda m'chitenje. Ndinkaganiza kuti afunsa ngati adokotala asayina. Anayang'ana kaye kwa aneba, kenako anatsitsa mawu.

"Mwanena?"

"Ayi," ndinatero.

Anapuma mpweya wautali, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika. Kenako anati ndilowe ndisazizidwe, akanditenthetsere madzi osamba. Za kalata anafunsa mawa lake.